Nyimbo pa honda n'zabwino, koma khutu lisiyeni pamsewu

Mwezi wa September caka catha ananditumiza ku Chifunda, m'boma la Chama, kukalemba za alimi a mpunga. Nkhaniyo ndinalemba, inatuluka, ndipo mwina munaiwala kale. Koma ndinabwerako ndi nkhani ina imene sananditume, ndipo imandibwerera nthawi zonse ndikakwera honda muno mu Lusaka. Ndi nkhani ya nyimbo ndi makutu a munthu amene wagwira mahandulo.

Galimoto imene ndinakwera ku Lundazi inathera kwa Chikwa. Kucoka pamenepo panalibe cina koma honda. Inali Boxer, koma mudziwa kuti kwathu kuno njinga yamoto iliyonse ni honda basi. Woyendetsa anali bambo wacikulire ndithu, Msenga, amene anasintha n'kuyamba kukamba Cinyanja atamva kuti Cisenga canga n'ca moni cabe. Pa mahandulo anali atamangapo kasipika kakuda ndi malegeni, ndipo m'kasipikamo munali memori kadi. Tinanyamuka ndi kalindula, kenako kwaya ya kuchalichi, kenako Yo Maps, kenako malemu Lucius Banda. Msewu unali wa fumbi ndi mcenga, dzuwa la kucigwa likuwotcha msana, ndipo ndinene zoona, nyimbo zija zinandithandiza kuiwala kupweteka kwa m'ciuno.

Titayandikira kamtsinje kena kouma, pamene mitengo inathithikana mbali zonse, bamboyo anazimitsa kasipika. Patsogolo pang'ono anazimitsanso injini.

"Amdala, mafuta yasila?" ndinafunsa.

"Iyai. Khalani cete pang'ono imwe."

Poyamba sindinamve kanthu. Kenako ndinamva nthambi ikuthyoka, ina n'kuthyokanso, kumanja kwathu. Tinakankha honda kubwerera m'mbuyo mpaka poyera, n'kuima. Posakhalitsa njovu zinatulukira n'kudutsa msewu pang'onopang'ono, kamwana kali pakati. Zitapita, mkulu uja analiza injini, ndipo titafika pamtetete anayatsanso nyimbo zake monga kuti palibe cacitika. Ndinam'funsa kuti anadziwa bwanji. Anati: "Kuno maso amacedwa, a ku tauni imwe. Njovu ukaiona ndiye kuti wafika kale pafupi. Ufunika uyambe kuimva. Nyimbo ni ya poyera. Mu thengo khutu ni la msewu."

Munthu ameneyu sanapitepo ku maphunziro a RTSA, ndikhulupirira. Koma anandiphunzitsa cimene anyamata ambiri a mahonda mu Lusaka, mu Chipata ndi mu Petauke sanacimvetse: pa njinga yamoto khutu limagwira nchito yofanana ndi diso, ndipo njira iliyonse yomvera nyimbo tiyenera kuiyesa ndi funso limodzi, lakuti kodi isiyako mpata womvera msewu?

Tisananene za ngozi, tiyeni tione njira zimene zilipo, cifukwa pali zambiri zimene anthu amauzana pa siteshoni zomwe si zoona.

Yoyamba ni imene anyamata amaiona m'mavidiyo a ku America, munthu ali pa cinjinga cacikulu akumva wailesi yocokera ku setilaiti kulikonse kumene apita. Imeneyo ni SiriusXM, ndipo masetilaiti ake amatumikira America ndi Canada. Mukagula kacipangizo kake pa intaneti n'kubwera nako kuno, mwagula cokongoletsa cabe. Ife mu Africa tinali ndi yathu. Noah Samara, wobadwira ku Ethiopia, anayambitsa kampani ya WorldSpace, imene inaponya setilaiti yochedwa AfriStar mu 1998. Colinga cinali cakuti munthu wa kumalo ngati Chifunda azimva wailesi momveka bwino popanda nsanja pafupi. Mawailesi ake anali odula, olipira mwezi ndi mwezi anali ocepa, ndipo mu 2008 kampaniyo inagwa. Lero wailesi ya setilaiti imene ambiri a ife timaidziwa ni maceneli a mau cabe a pa DStv, koma amafuna dishi yoima nji, yoloza malo amodzi kumwamba. Dishi pa keliyala ya honda siingagwire. Starlink inafika mu Zambia mu 2023, koma iyo igulitsa intaneti, ndipo mtengo wa cipangizo ndi malipiro a pamwezi si wa munthu amene amawerengera ma lita a petulo tsiku ndi tsiku.

Njira yaciwiri ni kumvera nyimbo pa intaneti ya pafoni. Spotify inatsegulidwa mu Zambia mu 2021, ndipo pali Boomplay, Audiomack ndi YouTube. Nyumba zambiri za wailesi nazonso zimaulutsa pa Facebook. Mu tauni zimenezi zimayenda bwino, malinga uli ndi bandulo. Tiyeni tiwerengere. Nyimbo ya mamvekedwe apakati imadya pafupifupi MB imodzi pa mphindi, kutanthauza MB 60 pa ola. Woyendetsa honda amene amagwira nchito maola 10 pa tsiku akhoza kumaliza MB 600, ndipo ngati ni YouTube yokhala ndi zithunzi, ndiye kuposa pamenepo kutali. Pa mwezi ndi ndalama ya ndiwo imeneyo. Ndipo ukatsika kucigwa ca Luangwa, netiweki imabwera n'kupita. Ine pa ulendo uja foni yanga inakhala nthawi yaitali ilibe ngakhale kamzere kamodzi. Nzeru pamenepa ni kusunga nyimbo mu foni ukali pamalo pamene netiweki ili bwino. Mapulogalamu ena amalola zimenezi kwaulere pa nyimbo zina, ena mpaka ulipire.

Yacitatu ni wailesi ya FM, imene ine ndimaikonda kuposa zonse cifukwa siimangoimba, imakambanso. Kum'mawa tili ndi Breeze FM ndi Radio Maria ku Chipata, Chikaya ku Lundazi, ndi Radio 1 ya ZNBC imene imaulutsa m'zinenero zathu zisanu ndi ziwiri. Mafoni ambiri ang'onoang'ono ali ndi FM, ndipo siifuna bandulo. Ambiri a mafoniwa amafuna kuti ulowetse nthambo ya mahedifoni, pakuti nthamboyo ndiyo imagwira nchito ya eliyo, koma mau ukhoza kuwatulutsira ku sipika. Vuto la FM n'lakuti mafunde ake amayenda molunjika. Phiri likaima pakati pa iwe ndi nsanja, mau amadukaduka. Chifunda ali pansi, m'cigwa, ndipo pa ulendo wathu wailesi inali kugwira pamtunda n'kutayika potsika. Agogo athu pa nkhani iyi anali ndi mwai wina. Kawailesi ka Saucepan Special, kooneka ngati poto, kamene kanafika m'dziko lino mu 1949, kanali ka shortwave, mafunde amene amagunda kumwamba n'kubwerera pansi kutali. N'cifukwa cake mau a Alick Nkhata ocokera ku Lusaka anali kufika kumidzi yakutali pamene kunalibe nsanja iliyonse.

Yacinayi ndiyo yafala konsekonse: memori kadi kapena fulashi m'kasipika. Kadi ya 8GB imatenga nyimbo pafupifupi 2,000. Siifuna netiweki, siifuna bandulo, siidziwa phiri kapena cigwa. Tumasipika twina tuli ndi batire yakeyake yochaja, twina amatulumikiza ku batire ya honda. Pamenepa cenjerani. Batire ya njinga yamoto ni yaing'ono, ndipo mukamaliza nyimbo pa siteshoni injini ili yozima, madzulo mudzakankha. Ndipo amakanika a pansi pa mtengo amene amangopota nthambo popanda fyuzi akhoza kukuwotcherani waya yonse. Pali mlandu winanso pa memori kadi umene sitikonda kuukamba. Mnyamata wa pakasitolo amene amakuikirani nyimbo amalandira ndalama, koma woimba salandira ngakhale ngwee. Bungwe la ZAMCOPS lilipo kuti oimba azidyerera thukuta lao, ndipo ife amene timati timakonda nyimbo za kwathu tiyenera kucita nazo manyazi pang'ono.

Manje mwaona kuti njira zilipo. Cimene cindidetsa nkhawa ni kumene mau amatulukira. Foni, kadi kapena wailesi, zonse zimathera ku sipika ya pa mahandulo, kapena ku tumahedifoni tolowa m'makutu. Ndipo mu tauni tumahedifoni ndito twapambana.

Patangopita masabata awiri cibwerere ku Chama, ndinakwera honda kucoka ku Kalingalinga kupita mu tauni. Woyendetsa anali mnyamata wa msinkhu wanga, helemeti ili pamwamba pa mutu monga cisote ca ukwati, lamba wosamanga, tumahedifoni toyera m'makutu onse awiri. Mutu unali kugwedezeka ndi nyimbo. Pamphambano ina minibasi inali kubwera kumbuyo kwathu mbali ya kumanja, ikuliza huta mosalekeza. Ine ndinaimva. Anthu a m'mbali mwa msewu anaimva. Iye anayamba kukhotera komweko. Ndinam'menya paphewa ndi mphamvu, n'kugwira mabuleki, ndipo basi inadutsa pafupi kwambiri moti mphepo yake ndinaimva pabondo. Anacotsa kahedifoni kamodzi n'kunena kuti, "Ah, sorry bosi, sininamvele." Ndinatsika pomwepo, miyendo ikunjenjemera, n'kumaliza ulendo wa pansi.

Sininamvele. Mau amenewa akanakhala otsiriza kwa tonse awiri. Woyendetsa galimoto ali ndi magalasi atatu ndi zitsulo zom'zungulira. Wa honda ali ndi tumagalasi tuwiri, nthawi zambiri kamodzi kosweka kapena tonse anacotsa kuti njinga izioneka bwino, ndipo citsulo cake ni thupi lake. Zambiri zimene zimabwera kumbuyo ndi m'mbali amazidziwa ndi khutu: huta, sailini ya ambulansi, injini ya thiraki, mwana amene wafuula, kondakita amene watsegula citseko. Ngakhale njinga yeniyeniyo imakamba. Cheni ikakhwepa imalira mwina, tayala likayamba kuphwa limamveka mwina. Mkulu wa ku Chifunda anandiuza kuti iye amadziwa vuto la honda yake lisanakule cifukwa amaimvetsera tsiku lililonse. Kumene akhala, njinga ikafera pakati pa thengo dzuwa litapendeka, palibe amene adzabwera kudzakukoka.

Palinso za thanzi la khutu lenilenilo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumva phokoso la madesibelo 80, ndipo phokoso likakwera, nthawi yololedwa imacepa msanga. Pa honda pali kale phokoso la injini ndi la mphepo. Kuti nyimbo imveke pamwamba pa zonsezi, munthu amakweza voliyumu mpaka kumapeto, tsiku lonse, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Khutu likaonongeka ndi phokoso silibwerera. Mnyamata wa zaka 22 amene lero akusangalala ndi Slapdee m'makutu akhoza kudzafika zaka 40 akufunsa mkazi wake kuti "wati bwanji?" pa ciliconse.

Ndinakambirana ndi oyendetsa angapo pa siteshoni ina, ndipo zifukwa zao ndinazimva. Wina anati nchito yao ni yotopetsa, ndipo nyimbo imathamangitsa tulo, maka-maka usiku. Wina, amene amapereka zakudya ndi maphukusi m'makomboni ndi kumayadi, anati foni ndiyo imamuuza kokhotera, ndiponso kasitomala amatuma foni nthawi iliyonse. Anandifunsa kuti, "Manje mufuna nizigwila foni kumanja?" Iyai, zimenezo ndiye zoipa kuposa, ndipo lamulo la pamsewu limaletsa kugwiritsa nchito foni ya m'manja uku ukuyendetsa. Zifukwa zao n'zomveka. Ine sindikunena kuti honda ikhale ngati nyumba ya maliro. Ngakhale mkulu wa kucigwa uja nyimbo anali nazo, ndipo ulendo wa maola ambiri m'fumbi wopanda kanyimbo ungakhale cilango.

Cimene ndikupempha n'capafupi. Ngati mufuna nyimbo, ikani kasipika pa mahandulo, voliyumu yake ikhale yoti wokwera kumbuyo akakamba mumumve osacita kufuula. Ngati nchito yanu ifuna kumva malangizo a pafoni, valani kahedifoni kamodzi cabe, khutu la kumanja, la mbali imene magalimoto amatipitirira, likhale lotsegula. Amene angakwanitse, pali tumasipika topyapyala ta Bluetooth tomata mkati mwa helemeti. Timakhala pafupi ndi khutu koma osalitseka, ndipo ubwino wake wina ngwakuti kuti mumve nyimbo mufunika muvale helemeti. Nyimbo sankhani musananyamuke. Kufufuza nyimbo ndi dzanja limodzi pa Great East Road ni kuitana maliro. Ndipo phunzirani kwa anzathu a ku Chifunda kudziwa malo ozimitsira: pamphambano, pamsika, pafupi ndi sukulu, mvula ikamagwa, ndi usiku m'misewu yopanda magetsi. Ife njovu zathu ni maminibasi ndi mathiraki a pa Lumumba Road.

Maiko ena anafika poika lamulo. Ku France, kuyambira pa 1 July 2015, n'koletsedwa kuyendetsa galimoto, njinga yamoto ngakhale njinga yakapalasa uli ndi mahedifoni m'makutu, koma masipika omangidwira mu helemeti amaloledwa. A RTSA ndi apolisi a pamsewu angacite bwino kuikambapo nkhaniyi momveka, pa wailesi ndi pa masiteshoni, m'Cinyanja, m'Citumbuka ndi m'Cibemba, monga mmene amakambira za helemeti ndi laisensi. Koma ndisaname, sindikufuna kuti ikhale njira ina yodyera anyamatawa pa lodibuloko. Mahonda aculuka cifukwa nchito kulibe, ndipo ambiri amene amawayendetsa ni ongolembedwa, ofunika kupereka ndalama kwa mwini njinga madzulo aliwonse. Kuphunzitsa kuyambe, cindapusa cibwere pambuyo. Macheyamani a masiteshoni ali ndi mphamvu kuposa wapolisi pa nkhani iyi. Iwo akanena kuti wa tumahedifoni tuwiri sanyamula munthu pano, mawa lomwe zidzasintha.

Ifenso okwera tili ndi mbali yathu. Timakwera, timaona kuti munthu watseka makutu, timakhala cete kuopa kuoneka ovuta. Ndalama ni yanu, mwendo umene udzathyoka ni wanu. Muuzeni mwaulemu acotse. Akakana, tsikani, honda ina ili pambuyo.

Mau anga otsiriza apite kwa akuluakulu a zoulutsa mau, a ZNBC, a IBA ndi a ZICTA, komanso makhansala ndi aphungu a kucigwa. Boma la Chama linacotsedwa ku Eastern Province kupita ku Muchinga mu 2011, n'kubwezedwanso kum'mawa mu 2021, koma mapiri amene amachinga mafunde sanasunthe. Kwa woyendetsa honda wa ku Chifunda wailesi si ya nyimbo cabe. Iye ndiye amanyamula mai wodwala kupita kucipatala, mphunzitsi kukatenga malipiro, ndi thumba la mpunga kupita kumsika. Afunika kudziwa ngati mtsinje wadzaza, ngati mlatho wakokoloka, ngati njovu zavuta kudera lakuti, ndi mtengo wa mbeu ku boma. Memori kadi siingamuuze zimenezi. Ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iliyonse mu 2022. Pa ndalama zimenezi, kodi nsanja yaing'ono yolandira ndi kutumizanso mafunde a wailesi ya m'dera singapezeke? Anthu a kucigwa akaikamba pa misonkhano ya m'mawadi, aphungu amve.

Pobwerera, mkulu uja ananditula kwa Chikwa m'mawa, tisanapse ndi dzuwa. Ndinam'patsa ndalama yake, ndipo ndinafuna kum'siyira mahedifoni anga monga mphatso, atsopano ndithu, ogula ku Town Centre. Anawatembenuza m'manja, n'kundibwezera akuseka. "Zikomo, koma pelekani kwa amene ayenda pa basi. Ine nikavala ivi, ana anga azalela ndani?"

Mnyamata wa ku Kalingalinga uja ndimamuonabe pa siteshoni. Tsiku lina anandikodola kuti ndikwere. Ndinaloza kukhutu kwanga, iye n'kuseka, n'kucotsa tumahedifoni tonse tuwiri kuika m'thumba. Ndinakwera.